Chimangirizo Chofunsira Malo pa Koleji ku America

Chaka ndi chaka, likafika tsiku la 1 Ogasiti, bungwe la ku America lotchedwa Common Application limatsekula fomu yake pa intaneti, ndipo kuyambira pamenepo anyamata ndi atsikana oposa 1 miliyoni, amene ali m'chaka chotsiriza cha sekondale, amayamba ntchito yofunsira malo m'makoleji. Bungweli lidayambitsidwa mu 1975 ndi makoleji 15 amene adagwirizana kuti wophunzira azidzaza fomu imodzi yokha m'malo mwa kulembera koleji iliyonse payokha. Lero makoleji ndi mayunivesite olandira fomu imeneyi apitirira 1,000. Zambiri za pa fomupo nzosavuta kuyankha: dzina, sukulu, malikisi a mayeso, masewera ndi ntchito zina zimene mwana adagwirapo. Koma pali danga limodzi limene limasowetsa tulo ana ndi makolo omwe. M'menemo wophunzira ayenera kulemba chimangirizo cha mawu osachepera 250 ndiponso osapitirira 650, ndipo nkhani yake ikhale ya iye mwini.

Awerengi angadabwe nawo mwambo wotere, pakuti m'dziko muno wophunzira amasankhidwira ku mayunivesite a boma potsata mapointi a mayeso a MSCE, ndipo palibe amene amamfunsa zimene zili mumtima mwake. Komatu mwambowu suli kutali ndi ana a Malawi monga m'mene ena angaganizire. Mu 1958 Legson Kayira adanyamuka wapansi kuchokera kumpoto kwa dziko lino, cholinga chake chili chokaphunzira ku America. Ali ku Kampala adapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la maina a makoleji, nailembera kalata yofotokoza za iye mwini, ndipo kolejiyo idamlandira. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mzuzu kapena ku Zomba amene afuna kutsata njira imeneyo lero sayenda wapansi mpaka ku Khartoum monga adachitira Kayira, koma amadzaza fomu yomweyo imene amadzaza mwana wa ku Boston, nayankha mitu yomweyo.

Kodi mwambo umenewu udachokera kuti?

Chiyambi chake sichokoma kumva. Kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, mnyamata amene adakhoza mayeso olowera ku Harvard, ku Yale kapena ku Princeton ankalandiridwa, malinga makolo ake akhale ndi ndalama za fizi. Tsono ana a Ayuda, amene makolo awo adasamukira ku America kuchokera kuvuma kwa Ulaya, adayamba kukhoza mayesowo ambirimbiri, kotero kuti pofika 1922, pa ophunzira asanu alionse olowa kumene ku Harvard, mmodzi anali Myuda. Mkulu wa Harvard wa masiku amenewo, A. Lawrence Lowell, sadakondwe nazo, ndipo adafuna kuika malire a chiwerengero chawo. Anthu atatsutsa maganizo amenewo poyera, makoleji adapeza njira ina yozembera. Adati sadzayang'ananso nzeru za m'kalasi zokha, koma adzayesanso khalidwe la mwana. Apo mpamene adayamba kufuna makalata a umboni, chithunzi cha nkhope, mayankho onena za kwawo kwa makolo, ndiponso kuti mwana alembe yekha za moyo wake. Popeza khalidwe siliyezedwa pa sikelo, osankha ankatha kukana amene afuna kumkana popanda kupereka chifukwa. Nkhani yonseyi adaifotokoza mwatsatanetsatane Jerome Karabel m'buku lake lotchedwa The Chosen, limene lidatuluka mu 2005.

Mpeni womwe udasulidwira kubaya munthu ukhozanso kusenda mbatata. Pakupita kwa zaka makoleji adayamba kugwiritsa ntchito chimangirizo chomwecho pofunafuna ana aluso ochokera m'mabanja osauka ndi m'mitundu yonyozeka, amene malikisi okha sakadawaonetsa bwino. Pa 29 Juni 2023 bwalo lalikulu la milandu la dziko la America lidagamula kuti koleji isasankhenso wophunzira chifukwa cha mtundu wake kapena khungu lake. Koma mkulu wa oweruza, John Roberts, adaonjeza kuti wophunzira ali ndi ufulu wofotokoza m'chimangirizo chake m'mene mtundu wake udakhudzira moyo wake, malinga nkhaniyo ionetse khalidwe kapena luso la iye mwini. Chigamulo chimenechi chidakulitsa udindo wa chimangirizo, ndipo makoleji ambiri adasintha mafunso awo chaka chomwecho.

Amene amawerenga

Wofuna kulemba bwino ayambe waganizira munthu amene adzawerenge. Mu 2022 Harvard idalandira mafomu 61,220, ndipo idasankha ophunzira 1,954 okha, ndiye kuti atatu pa 100 alionse. Mwa okanidwawo munali zikwi za ana amene malikisi awo anali apamwamba zedi. Pamene ana khumi ali ndi malikisi ofanana, namwenso aphunzitsi awo awayamikira ndi mawu ofanana, wosankha amasowa chogwira, ndipo amatembenukira ku tsamba limodzi lija pamene mwana amalankhula yekha. Wosankhayo ndi munthu wotopa. Amawerenga mafomu ambiri pa tsiku, m'miyezi yachisanu ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, ndipo fomu iliyonse amakhala nayo mphindi zowerengeka. Sakufuna kuuzidwanso zimene waziona kale pa masamba ena, monga mphotho ndi maudindo. Chimene akufunafuna nchakuti amve m'mene mwanayu amaganizira, kuti adziwe ngati angakhale mnzawo wabwino wa ena m'kalasi ndi m'chipinda chogona kwa zaka zinayi.

Makoleji ochuluka a ku America salimbirana malo chotere, ndipo amalandira ambiri mwa ofunsira. Kumeneko chimangirizo chilibe mphamvu yaikulu. Ndiponso kulikonse, chimangirizo chokoma sichingaukitse malikisi akufa.

Mitu isanu ndi iwiri

Common Application imapereka mitu isanu ndi iwiri, ndipo wophunzira amasankhapo umodzi. Woyamba umafunsa za kumene munthu adachokera, kapena luso ndi chidwi chimene chili chofunika kwambiri kwa iye kotero kuti fomu yake ikadakhala yopereŵera popanda icho. Wachiwiri umafunsa za vuto kapena kulephera kumene adakumana nako ndi zimene adaphunzirapo. Wachitatu ndi wa nthawi imene adakayikira kapena kutsutsa ganizo limene ena amalivomereza. Wachinayi, umene udalowa mu 2021, ndi wa kuthokoza: chinthu chimene munthu wina adamchitira nichimkondweretsa mosayembekezeka. Wachisanu ndi wa chochitika chimene chidamkulitsa nzeru. Wachisanu ndi chimodzi ndi wa phunziro kapena ganizo limene limamtenga mtima mpaka kuiwala kuti dzuwa likupendeka. Wotsiriza ulibe malire, pakuti umati wophunzira alembe pa mutu uliwonse umene afuna. Mutu waufuluwu udachotsedwa mu 2013, koma udabwezeretsedwa mu 2017. Mayunivesite a boma a ku California ali ndi fomu yawoyawo: amapereka mafunso 8, wophunzira nayankhapo anayi, lililonse ndi mawu osapitirira 350.

Pano mpamene ana ambiri amasokera. Amakhala masabata akuyang'ana mitu ija ngati munthu woima pa mphambano, uku akufunsana kuti ndi uti umene osankha amaukonda, ndi uti umene ena sausankha. Ayamba woyamba, ausiya, ayamba wachisanu, ausiyanso. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Choona nchakuti mituyo adaipanga yotakata dala kuti nkhani iliyonse ilowemo, ndipo wosankha kawirikawiri sakumbukira n'komwe mutu umene mwana adachonga. Chifukwa chake ntchito iyenera kuyambira kwina. Wophunzira ayambe wapeza nkhani yake, ailembe, ndipo pambuyo pake ayang'ane mutu umene nkhaniyo ikukhalamo bwino. Mmisiri sayamba wasoka malaya kenaka n'kumafunafuna munthu amene angamkwane.

Chitsanzo chingathandize. Pakhale mtsikana wa mu mzinda wa Houston amene makolo ake adachokera ku Vietnam, ndipo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi wakhala akumasulira mayi ake Chingerezi ku banki, ku sukulu ndi ku chipatala. Tsiku lina dokotala adanena mawu owawa za matenda a mayiwo, ndipo mtsikanayo, poona nkhope ya mayi ake, adafewetsa mawuwo pomasulira. Usiku umenewo sadagone, akudzifunsa ngati womasulira ali ndi ufulu wochotsera kapena kuonjezera. Nkhani imodzi yomweyi ingalowe pa mutu woyamba, pakuti ikunena za kumene adachokera. Ingalowe pa wachiwiri, pakuti muli kulakwa. Ingalowenso pa wachitatu ndi pa wachisanu. Mtsikanayu akadayamba ndi mitu, mwina akadalemba za mpikisano wa masamu umene adapambana, nkhani imene ili kale pa tsamba lina la fomu yake.

Kupeza nkhani

Nanga nkhani yotere imapezeka bwanji? Ana ambiri a zaka 17 amadandaula kuti pa moyo wawo sipadachitike kanthu. Sadapulumuke m'nkhondo, sadapange makina, sadayende wapansi kudutsa maiko. Amaiwala kuti wosankha sakufuna chochitika chachikulu. Akufuna maso openya. Augustino wa ku Hippo, polemba mbiri ya moyo wake cha m'ma 397, adathera mitu ingapo pa kanthu kamodzi kochepa: ali ndi zaka 16, iye ndi anzake adaba mapeyala m'munda wa mnansi, osati chifukwa cha njala, pakuti ambiri adaponyera nkhumba. Kuba zipatso adakuchitapo anyamata a m'midzi yonse ya pansi pano. Chimene chasunga masamba amenewo zaka zoposa 1,600 ndi funso limene mwini wake sadalisiye: ndidachitiranji, ndipo ndikadakhala ndekha ndikadachita kodi? Nayenso Michel de Montaigne wa ku France, amene mu 1580 adatulutsa zolemba zake nazitcha dzina lotanthauza kuyesa, ankayambira pa tinthu ta tsiku ndi tsiku, monga tulo, fungo ndi zala, n'kumayesa maganizo ake pamenepo. Dzina la Chingerezi la chimangirizo chotere lidachokera kwa iyeyu.

Njira yothandiza ndi iyi. Wophunzira atenge kope, ndipo kwa masabata awiri kapena atatu azilembamo tinthu timene akukumbukira: ntchito ya pakhomo imene amaigwira mosiyana ndi abale ake, mkangano umene adagonjapo koma mpaka lero sadakhutire, chida chimene amachisunga ngakhale chidatha ntchito, funso limene adafunsa m'kalasi anzake namuseka. Asayambe waweruza kuti ichi nchopusa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tinthuti tikachuluka, ayese kalikonse ndi funso limodzi lokha: kodi pa ana 100 a m'kalasi ngati yanga, ndi angati amene akadalemba chiganizo chimenechi? Chiganizo chakuti "mpira udandiphunzitsa kulimbikira" angachilembe ana makumi asanu ndi anayi. Koma chakuti mnyamata adakhala pa benchi nyengo ziwiri zathunthu, naphunzira kudziwa kumene mpira ulowere poyang'ana mapazi a otchinga kumbuyo, angachilembe mmodzi.

Pali nkhani zina zimene osankha adatopa nazo, ngakhale kuti sizoletsedwa. Chigoli cha mphindi yomaliza. Bondo lothyoka limene lidachira. Ulendo wa masabata awiri wokathandiza osauka a dziko lina, kumene wolemba adatulukira kuti anthu osauka nawonso amaseka. Ndiye pali chimangirizo cha imfa ya agogo, chimene kawirikawiri chimasanduka mbiri yoyamikira malemuwo. Wosankha amatsiriza kuwerenga atawakonda kwambiri agogowo, koma agogowo sindiwo akufunsira malo. Wofuna kulemba pa nkhani zoterezi alembe ndithu, koma adziwe kuti wasankha njira yopondekapondeka, ndipo ayenera kupenya mozama kuposa anzake kuti phazi lake lioneke.

Luso ndi chionetsero

Aphunzitsi amauza ana kuti alembe mwaluso, ndipo ana ambiri amamva ngati auzidwa kuti alembe zachilendo. Mpake kutero, pakuti nyuzipepala zimakonda kufalitsa zimangirizo zodabwitsa. Mu 1990 mnyamata wina dzina lake Hugh Gallagher adalemba chimangirizo choseketsa chodzitama nacho ntchito zosatheka, zina zazikulu zina zopanda pake, natsiriza ndi kunena kuti chinthu chimodzi chokha chimene sadachite ndicho kupita ku koleji. Chimangirizocho chidapata mphotho pa mpikisano wa zolembalemba, mwini wake adakaphunzira ku New York University, ndipo kuyambira pamenepo ana osawerengeka akhala akuchitsanzira popanda phindu. Mu 2016 mtsikana wina wa ku Delaware adalemba za maulendo ake a ku sitolo yaikulu ya Costco kuyambira ali mwana, ndipo adalandiridwa ku Stanford ndi ku mayunivesite ena asanu otchuka. Chaka chotsatira mnyamata wina, pofunsidwa ndi Stanford kuti chofunika kwa iye nchiyani, adalemba mawu akuti Black Lives Matter maulendo 100, nayenso adalandiridwa.

Nkhani zimenezi zimanyenga pawiri. Poyamba, ana amenewa anali ndi malikisi ndi ntchito zina zapamwamba, ndipo palibe amene angatsimikize kuti chimangirizo chokha ndicho chidawalowetsa. Kachiwiri, anthu amamva za mmodzi amene adalumpha nafika tsidya, koma za mazana amene adagwera m'madzi sizilembedwa. Ndipo amene awerenga bwino chimangirizo cha Costco chija amaona kuti sitolo idali khomo chabe. Chimene chidali m'kati ndi mwana wachidwi amene ankafunsa mafunso pa chilichonse chimene adaona, kuyambira pa ngolo yokankha mpaka pa mbiri ndi sayansi. Wina akadalemba za sitolo ina ndi nthabwala zomwezo koma wopanda chidwi chimenecho, ikadakhala chikomekome cha mkuyu.

Mpofunika tsono kusiyanitsa. Wophunzira angalembe chimangirizo chake ngati kalata, ngati ndandanda ya kaphikidwe, kapena ngati zokambirana za anthu awiri, ndipo nthawi zina maonekedwe otere amathandizadi, makamaka pamene akuchokera mu nkhani yomweyo. Mwana amene wakulira m'khitchini ya lesitilanti ya bambo ake angalembe ngati kaphikidwe, ndipo zidzamveka zake. Koma ayese chinthu chimodzi asanatumize: achotse chovala chachilendocho, anene nkhani yake m'ziganizo zitatu zosakometsera. Ngati pamenepo patsala kanthu koyenera kumva, chovalacho achibwezere. Ngati sipatsala kanthu, ayambirenso.

Mafunso a ku Chicago

Kuonjezera pa chimangirizo chachikulu, makoleji ambiri amafunsa mafunso awoawo. Odziwika koposa ndi a University of Chicago, imene idakhazikitsidwa mu 1890. Chaka chilichonse yunivesiteyi imapempha ophunzira ake ndi amene adatsiriza kale kuti atumize mafunso, nisankhapo angapo. Mwa amene adafunsidwapo pali lakuti, "Kodi tsiku Lachitatu umaliona bwanji?" Pali lina la mawu awiri okha, lolamula wophunzira kuti apeze x, osanena kuti x nchiyani kapena kuti adatayika kuti. Lina lidafunsa m'mene munthu angayerekezere maapulo ndi malalanje, zipatso zimene Angerezi amati siziyerekezeka. Linanso lidasewera ndi liwu la Chingerezi limene limatanthauza nambala yosagawika pawiri komanso chinthu chachilendo. Yunivesiteyi imalolanso wophunzira kusankha funso la zaka zam'mbuyo kapena kudzipangira lake.

Apa lamulo lija lakuti nkhani itsogole, mutu utsatire, limapindika pang'ono, pakuti funso lenilenilo ndilo chiyambi cha ntchito. Komabe mzu wake ngomwewo. Mafunsowa alibe yankho lolondola, ndipo oŵerenga safuna kuona amene angaseketse kuposa anzake. Afuna kuona chimene mwana amachita akapatsidwa chinthu chimene mphunzitsi sadamphunzitse. Wokonda masamu angatenge x n'kumutsata kuchokera kwa René Descartes, amene mu 1637 adazoloweretsa anthu kulemba zinthu zosadziwika ndi malembo otsiriza a alifabeti. Wokonda mbiri angamutsate pa zikalata zimene anthu osadziwa kulemba ankasainira ndi chizindikiro chimenecho. Wina angakumbuke Malcolm X, amene adataya dzina la makolo ake ponena kuti lidachokera kwa eni akapolo. Onse atatu apeza x, ndipo aliyense wadziulula yekha popanda kunena kuti ndine wakuti. Posankha funso lotere, wophunzira asathamangire limene likuoneka lovuta pofuna kugometsa. Asankhe limene, atangoliwerenga, mutu wake wayamba kale kuyenda, limene angakambirane ndi mnzake kwa ola lathunthu osatopa.

Za umphawi ndi masautso

Pali yesero limodzi limene limagwera makamaka ana osauka a ku America komweko ndi ana ochokera ku Africa. Amamva kuti osankha amakhudzidwa ndi nkhani zachisoni, ndipo alangizi ena amawakankha kuti atambasule mabala awo onse pa tsamba: njala, umasiye, kuyenda mtunda wautali opanda nsapato. Ena amafika pokulitsa zimene zidachitika, kapena kubwereka masautso a mnansi. Ichi nchoipa pa zifukwa zingapo. Bodza ndi bodza, ndipo koleji ikalitulukira ili ndi mphamvu yolanda malo ngakhale mwana atayamba kale maphunziro. Koma ngakhale zonse zikhale zoona, mwana amene adzionetsa ngati mtolo wa mavuto basi wadzichepetsa yekha, ndipo wachepetsanso makolo ake amene adamlera ndi ulemu m'kati mwa umphawi womwewo. Palibe amene ayenera kugula malo a sukulu ndi chinsinsi cha banja lake.

Izi sizikutanthauza kuti masautso abisike. Ngati mtsikana adalera ang'ono ake atatu uku akuphunzira, wosankha ayenera kudziwa, pakuti malikisi ake adzawerengedwa ndi diso lina. Fomu ili ndi danga lapadera lofotokozeramo zoterezi mwachidule, ndipo mphunzitsi wolemba kalata ya umboni angazitchulenso. M'chimangirizo chenicheni, vuto litenge gawo lochepa, ndipo gawo lalikulu likhale la zimene mwanayo adachita ndi zimene adaganiza: m'mene adagawira ndalama za sabata, chimene adayankha mng'ono wake atafunsa funso lovuta, chimene lero akadachita mosiyana.

Asaganize munthu kuti chimangirizo chimafafaniza kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mu 2021 akatswiri a ku Stanford adafalitsa kafukufuku wa zimangirizo 240,000 zimene ana 60,000 adalembera mayunivesite a boma a ku California, ndipo adapeza kuti nkhani zimene mwana amasankha ndi mawu amene amagwiritsa ntchito zimatsata chuma cha makolo ake kuposa m'mene malikisi a mayeso a SAT amachitira. Mwana wa wolemera ali ndi mabuku pakhomo, ali ndi makolo amene adadutsa njira yomweyo, ndipo nthawi zina ali ndi mlangizi wolipidwa ndalama zambiri.

Othandiza ndi makina

Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkoyenera kuti wophunzira aonetse zolemba zake kwa mphunzitsi kapena mbale amene amamdziwa. Koma owerenga akhale awiri kapena atatu basi, ndipo ntchito yawo ikhale yofunsa mafunso ndi kuloza pamene sipakumveka. Chimangirizo chimene chadutsa m'manja mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi chimatuluka chosalala ngati mwala wa mumtsinje, chopanda cholakwa ndiponso chopanda mwini. Osankha amene awerenga zolemba za ana a zaka 17 kwa zaka zambiri amazindikira msanga chiganizo cha munthu wa zaka 50.

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT idatulukira, kwabwera wothandiza wina amene satopa ndipo salipiritsa zambiri. Makina otere amalemba chimangirizo cha mawu 650 pa kanthawi kochepa, Chingerezi chake chosalakwika. Common Application idalemba m'malamulo ake kuti kupereka zolemba za makina ngati zakezake ndi chinyengo. Mu 2024 Duke University idalengeza kuti yaleka kupereka malikisi pa chimangirizo, chifukwa siingadziwenso ngati kalembedweko nka mwana, nka mlangizi wolipidwa kapena nka makina. Idati idzapitiriza kuwerenga pofuna kumdziwa mwanayo. Apa pali phunziro kwa wolemba. Kukongola kwa ziganizo kwatsika mtengo, popeza aliyense angakupeze. Chimene makina sangachidziwe ndi mawu amene dokotala uja adanena ku Houston, ndi amene mtsikana uja adanena m'malo mwake. Wophunzira amene Chingerezi sichilankhulo cha makolo ake asachite mantha ndi chiganizo chosapsa kwenikweni. Akonze zolakwa za galamala, inde, koma asalole kuti mawu ake asinthidwe ndi mawu aatali amene iye sadawatchulepo chibadwire.

Kukonza

Kulemba koyamba kukhale kwaufulu, ngakhale mawu afike 1,000 kapena kuposa. Pambuyo pake mpamene mpeni ulowe. Kawirikawiri ndime yoyamba yonse imayenera kuchoka, pakuti ana amakonda kuyamba ndi mawu a munthu wotchuka kapena ndi tanthauzo la liwu lotengedwa m'dikishonale, nkhani yeniyeni n'kudzayambira pa ndime yachiwiri. Ndime yotsiriza nayonso iyang'anidwe, chifukwa mpamene wolemba amayamba kulalikira, kulonjeza kuti adzasintha dziko lonse. Wophunzira awerenge chimangirizo chake mokweza, ndipo pamene lilime lipunthwa aikepo chizindikiro. Akatero achisiye sabata imodzi osachiona, kenaka achiwerengenso.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo nthawi njochepa kuposa m'mene imaonekera mu Ogasiti. Makoleji ambiri amatseka kulandira mafomu ofulumira pa 1 Novembala, ndipo otsala kumayambiriro kwa Januwale. Wofunsira makoleji khumi angapezeke ali ndi timafunso tina makumi awiri kapena atatu toti ayankhe, ndipo kofala koposa nkakuti, "Wasankhiranji koleji ino?" Yankho lake lifuna kuti mwana awerenge za maphunziro a pa kolejipo, atchule phunziro kapena ntchito yeniyeni imene ikupezeka pamenepo, osangoyamikira kukongola kwa nyumba ndi kutchuka kwa dzina. Ambiri, potopa, amatenga yankho limodzi n'kulitumiza konsekonse atangosintha dzina la koleji, ndipo chaka chilichonse osankha amalandira makalata a ana olumbira kuti mtima wawo wonse uli pa koleji ina, imene dzina lake adaiwala kulifufuta pa mzere wachitatu.